Mapiritsi a BP ndi Chinkhoswe cha Esinati

Lolemba, 4 koloko madzulo, ndangoweruka
Loweruka kuli chinkhoswe cha mdzukulu wanga Esinati ku Masambanjati. Andisankha kukhala mkwatibwi wabodza, uja amamufunditsa chitenje kuti akuchimuna asokonezeke. Vuto ndi piritsi la BP. Ndikangomwa, chimbudzi chimandiitana ndi dzina. Nzeru ndi iyi: ndizimwa awiriawiri, thupi lisunge, Loweruka ndipume. Chimanga timasunga, nanga piritsi lilekerenji?

Lachiwiri
Awiri. Kuthyola tiyi pang'ono, kuthamanga. Kuthyola, kuthamanga. A kapitawo akuti, "Agogo, takulembani yothyola kapena yothirira?" Chimutu ngati chitsa!

Lachitatu
Awirinso. Ndikaimirira, phiri likuvina. Zomwe zagwa lero:
dengu
duku
ineyo

Lachinayi
Kuchipatala cha esiteti. Namwino wina wa kumpoto, mwana wadzanadzana, akundikalipira. Akuti thupi si nkhokwe, ndi ndowa yodontha. Impso zimataya mankhwala usana ndi usiku, ndiye timangobwezeramo omwe atayikawo, limodzi patsiku. "Komanso impso zanu zakalamba, agogo, zimataya mochedwa. Mukathira kawiri, ndowa isefukira." Zakalamba ndi za amake!

Lachisanu
Limodzi. Ndabwerera kukayezetsa, ndafunsa ngati ndingadumphe mawa lokha poti ndinamweratu. Akuti amene ndinamweratuwo ali kale m'munda wa tiyi.

Loweruka
Limodzi, Esinati atandiimirira mpaka nditameza. Andifunditsa chitenje mpaka kumapazi. Ndaima. Amalume a mkwati ayamba mbiri ya mtundu wawo, kuyambira tsiku lomwe agogo awo anachoka ku Mozambique. Sanafike n'komwe pamalire! Ndapirira. Ndaluma chitenje. Basi, ndaliyatsa liwiro. Kumbuyo mkwati akukuwa, "Esinati, bwerera, tikambirane!" Wandilondola mpaka kuchimbudzi, wagwada pakhomo. Ine m'katimo, ndikumvetsera.

Lamlungu
Limodzi, ndi tiyi, ndipo zizikhala choncho mpaka kumanda. Kutchalitchi sindipita, akuti nkhani yafika kale ku Nsabwe. Mkwati wabwera kudzandiona, maso pansi. Pakhomo paja analonjeza kusiya kachasu, kusiya bawo la madzulo, ndi kumatunga madzi mkazi wake akadwala. Akuti, "Agogo, zija zithere pompaja." Mochedwa, bambo, Esinati ndamuuza zonse. Amene wawerenga izi apatsireko mnzake, mboni zichuluke.