Mmene Yotamu Anayesera Mphete ya Esinati

Mwambi mukuufunsawu, ana inu, unayamba motere. Aphunzitsi anu akakuuzani kuti unachokera kwa ofula njuchi akalekale, muziwavomera kuti mukhoze mayeso. Koma ine ndinali kondakitala wa basi yopita ku Tanzania, ndipo mwini nkhaniyi ndinamunyamula ndine, popita ndi pobwera pomwe.

Dzina lake anali Yotamu Chimphamba, mlimi wa kachewere wa ku Tsangano. Anali munthu wolimbikira, wosamwa, wosayamba ndewu. Chilema chake chinali chimodzi: sankafunsa. Ankati kufunsa n'kudzivula pagulu. Tsiku lina anazungulira tauni ya Lilongwe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka akufuna sitolo ya feteleza, chikhalirecho sitoloyo inali kuseri kwa depoti yomwe anatsikira. Ngakhale mbeta sanafunsire yekha, anachita kutuma amalume ake.

Mbetayo anali Esinati, namwali wosoka zovala pa Lizulu. Tsiku la chinkhoswe litadziwika, Yotamu anamva kuti mnzake wina anagulira bwenzi lake mphete yapamsika, ndipo itangonyowa kamodzi chala chinabiriwira ngati ndere.

“Yako siikhala yotero,” anatero Yotamu. “Yako ikachokera kunja. Golide weniweni.”

“Ine ngakhale ya waya ndivala, bola ikwane,” anayankha Esinati, uku akutambasula dzanja. “Simuyeza chala?”

“Chala chako ndimachidziwa ngati munda wanga.”

Anagulitsa kachewere yense wa chaka chimenecho, n'kumanga ndalama m'lamba wansalu m'chiuno. Ulendo anautsatira kwa alamu ake, Mayi Nasimango, mkazi wa mkulu wake, amene ankaoda zitenje ku Dar es Salaam ndipo ankadziwa mzindawo. Titafika pachipata cha Songwe, mayiwo anasintha ndalama zawo.

“Alamu, kwacha zanuzo simusintha?”

“Ndalama ndi ndalama, alamu. Golide sasankha.”

“Tafunsani kaye mmene zikusinthidwira lero.”

“Ndikudziwa kale.”

Mayi Nasimango anangopukusa mutu n'kukwera basi.

Ku Dar anamulondolera ku kasitolo kena m'kanjira kothina, ka mkulu wosula mphete dzina lake Hamisi. Mkuluyu anali wa ndevu zoyera, wofatsa, ndipo Chichewa ankachilankhula bwino chifukwa mayi ake kwawo kunali ku Nkhotakota. Ndikunena zimenezi kuti musadzati chilankhulo ndicho chinamusokoneza Yotamu. Atangofika pakhomo anawauza alamu ake kuti apite kozitenje kwawo, popeza malonda a amuna safuna mboni.

“Takulandirani, bambo,” anatero a Hamisi. “Chilichonse chimene simukuchimvetsa muno mundifunse.”

“Palibe chachilendo muno,” anayankha Yotamu, ngakhale kuti golide anali kumuona koyamba.

Analoza chithunzi cha mphete ina yopota ngati chingwe. A Hamisi anatenga kakyuleta, n'kulemba mtengo, n'kumutembenuzira: 600 sauzande. M'lamba mwa Yotamu muja munali 450 sauzande basi. Koma anali munthu wozolowera kulimbana ndi mavenda pamsika wa kachewere. Anaseka, n'kuimirira ngati akutuluka.

“Mtengo umenewo mukauze azungu. Ine ndili ndi 300.”

“Pamenepo ndiye kuti ana anga agona ndi njala. 550.”

“Ana anu ndi onenepa, ndawaona pachithunzipo. 350.”

Anakokanakokana mpaka tiyi amene anawathirira anazizira. Yotamu anafika pakhomo, kubwerera, kufikanso pakhomo, kubwereranso. Mapeto ake anagwirana chanza pa 400 sauzande. Yotamu anamasula lamba, n'kuyala mipukutu ya ndalama pagalasi monyadira.

A Hamisi anavala magalasi awo. “Bambo, izi ndi kwacha.”

“Nanga mumayembekeza masamba a fodya?”

“Ine ndimanena mashilingi a kuno. Kodi mukudziwa kuti kwacha imodzi lero…”

“Ndikudziwa! Tagwirizana 400. Musayambe kukweza poona ndalama.”

“Sindikukweza, mwana wanga. Ndikuti mufunse kaye…”

“Mawu anga sabwerera. Tengani kapena ndipite kwina.”

Masiku amenewo kwacha inali ndi mphamvu kuposa shilingi. Ndalama zimene Yotamu anayala pagalasipo zinkaposa kutali mtengo woyamba uja, umene anakhetsera thukuta kuti utsike. A Hamisi anadzauza alamu a Yotamu pambuyo pake kuti chiyambire malonda anali asanaonepo munthu wokakamira kutsitsa mtengo mpaka kukwera nawo padenga. Koma anali munthu woopa Mulungu. Anatsegula kabokosi, n'kutulutsa kamwala kofiira konyezimira.

“Chabwino. Pa ndalama zimenezi ndikuikirani ndi kamwala aka pamwamba.”

Yotamu anamwetulira chamumtima, nati wamufinya mkuluyo mpaka watulutsa banyira.

“Tsono chala cha mayiwo n'chachikulu bwanji?” anafunsa a Hamisi.

Yotamu anayang'ana zala zake zonse, n'kusankha chamkombaphala. “Ngati ichi.”

Mkuluyo anayang'ana chalacho, chala cha munthu wogwira khasu chibadwire. “Foni muli nayo. Bwanji osawaimbira muwafunse?”

“Ndimukwatira ine kapena inu?”

“Pepani. Tsono mmene timapangira ndi motere. Tisanasungunule golide, poyamba timasema…”

“Ndikudziwa, ndikudziwa. Ingondiuzani tsiku lobwera.”

“Mawa madzulo.”

Chimene mkuluyo ankafuna kufotokoza n'chakuti osula mphete amayamba asema mphete ya phula, yofanana ndendende ndi yeniyeniyo. Mwini wake akaiona n'kuivomera, amapangira chikombole pa phulalo, n'kuthiramo golide. Kusema kwake n'kwa tsiku lathunthu, ndi timipeni tating'onoting'ono. Zonsezi Yotamu akanazimva akanangotseka pakamwa pang'ono.

Mawa lake madzulo anafika atavala jekete, kutentha konse kuja kwa ku Dar. A Hamisi anamukhazika pampando, n'kumuikira khofi m'kakapu ndi mbale ya maswiti a kokonati. Kenaka anabwera ndi kambale kena kakang'ono. Pakati pake panali kamphete kobiriwira, kosalala, kopota bwino, kamwala kofiira kaja kali pamwamba.

“Tayesani,” anatero mkuluyo, “muone ngati mwaikonda.”

Nthawi yomweyo kunalowa kasitomala wina, ndipo a Hamisi anatembenuka kukamulandira.

Yotamu anayang'ana kambale kaja. Anayang'ana khofi, n'kuyang'ana maswiti. Golide si wobiriwira, zimenezo ankadziwa. Ndiye kameneka kanali kachiyani? Funso linafika pakhosi penipeni, koma analibweza. Anaganiza kuti ndi mwambo wa anthu a kunyanja yamchere: malonda a mphete akatheka, amakupatsa switi yooneka ngati mphete. Munthu woyenda sadabwa ndi miyambo ya eni dziko. Anakatola, n'kukaponya m'kamwa.

Anatafuna. Kanali kolimba, kenaka kanafewa n'kumatirira kumano. Anatafunabe. Dzino linagunda kanthu kolimba, iye nati ndi mtedza wosakazinga bwino. Polavula panalibe, ndiponso kulavula chakudya cha eni nyumba n'chipongwe. Anatsekera ndi khofi, n'kumeza zonse.

A Hamisi anabwerera akupukuta manja. Anayang'ana m'kambale, n'kuyang'ana zala za Yotamu, kenaka pansi pa tebulo.

“Mphete ija ili kuti?”

“Ndayesa.”

“Ndiye?”

“Si yoipa. Koma shuga wachepa.”

Mayi Nasimango analowa nthawi imeneyo ndi mtolo wa zitenje pamutu. Anapeza mkulu wa ndevu zoyera atakhala pansi, atagwira mutu ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Poyamba anayesa akulira.

“Mayi,” anatero a Hamisi atapeza mpweya, “alamu anu adya phula. Ntchito yanga ya tsiku lonse.”

“Phula?” anatero Yotamu. Mano ake anali obiriwira.

“Ndi kamwala komwe.”

Yotamu anagwira pamimba. “Ndiye mundipatse kena.”

“Kamwala munalipira kale, ndi kanu, ndipo mwanyamula kale. Palibe wakuba angakulandeni m'njira.”

Vuto lenileni linali nthawi. Basi yathu inkanyamuka m'mawa mwake, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka lomwelo. Kusemanso phula, kupanga chikombole ndi kuthira golide sizikanatheka. Mayi Nasimango ndiwo anakhala pansi n'kukambirana ndi mkuluyo ngati anthu. Atamva za kwacha zija anafuna kukomoka. A Hamisi anatulutsa mphete yagolide yopangiratu, yosalala, yopanda mwala, n'kubwezanso ndalama zina m'manja mwa mayiwo, osati mwa Yotamu.

“Alamu, imbani foni tifunse chala,” anatero mayiwo.

Yotamu, manyazi atamugwira kale mokwanira, anakana. Anayeza mphete pachamkombaphala chake chomwe chija, nati yakwana.

Pobwerera anakhala mpando wakutsogolo, manja ali pamimba, osadya kanthu. Nkhani yonse ndinaimva kwa Mayi Nasimango, ndipo sindinaimve ndekha, chifukwa mawu awo ankafika mpaka mpando wakumbuyo. Pachipata wa kasitomu atafunsa ngati pali amene wanyamula katundu wamtengo wapatali, basi yonse inatembenuka kuyang'ana Yotamu. Za kumene kamwala kaja kanathera musandifunse. Ena amati kanatsala ku Karonga.

Loweruka anthu anasonkhana kwawo kwa Esinati, nanenso ndinali pomwepo. Ankhoswe analankhula, nkhuku zinasinthanidwa, kenaka inafika nthawi ya mphete. Yotamu anagwira dzanja la namwaliyo, n'kulowetsa mphete pachala. Esinati atangotsitsa dzanja, mphete inapulumuka, n'kugubuduka mpaka pansi pa mpando wa abusa. Ana anaithamangira. Yotamu anayesanso chala china, inagwanso. Inakakhazikika pachala chachikulu.

Azakhali a Esinati, amene anamva kale mphekesera, anafunsa mokweza: “Nanga kamwala kofiira tinamva kaja kali kuti?”

Bwalo lonse linaphulika. Amayi ena anagwa m'mipando. Amalume a Esinati okha sanaseke. Anaimirira n'kunena kuti munthu wodya katundu wa mkazi ukwati usanayambe ngofunika kumuganizira kawiri. Phokoso linazima. Yotamu anaima pakati pa bwalo, jekete litanyowa, maso ali pansi. Kenaka anatembenukira kwa Esinati, n'kulankhula motsitsa, koma tonse tinamva.

“Kodi… undilolabe?”

Mkulu wa Yotamu anati chibadwire cha mng'ono wakeyo limenelo linali funso lake loyamba.

Esinati anayang'ana mphete ili pachala chachikulu, akulimbana ndi chiseko. “Ndakulolani. Koma ya ukwati tikagulira limodzi, ndipo mukadye kaye tisanalowe m'sitolo.”

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Amalume aja anakhala pansi akupukuta misozi ya kuseka. Yotamu ndi Esinati anakwatirana chaka chomwecho, ndipo mphete ija Esinati amaivalabe pachala chachikulu, anakana kuti aichepetse.

Koma dzina la Yotamu linathera pabwalo pomwe paja. Ku Tsangano, pa Lizulu, ngakhale m'basi mwathu, aliyense ankangomutcha Safunsa. Ndipo mpaka lero, mwana akanyamuka ulendo wosaudziwa, akulu n'kumuyamba malangizo, iye n'kudula kuti “ndikudziwa, ndikudziwa,” amangomuyang'ana n'kunena kuti:

“Pita bwino, mwanawe. Safunsa anadya phula.”