Fodya wa a Alufandika Sanapse

M'lokesheni ya Highfield monse, kuyambira pa Machipisa mpaka kuseri kwa Gwanzura, munalibe munthu wodziwa kutsanzika ngati bambo Alufandika. Iwo anali paulendo wobwerera kwawo ku Ntcheu kuyambira chaka chimene anafika mu Sozibele, mzinda umene kwathu amautcha Halale, ndipo chowachedwetsa chinali chimodzi chokha: fodya wawo anali asanapse.

Amene nkhaniyi inkawakhala pakhosi ndi akazi awo, mayi Effie. Anabwera ali mtsikana, atalonjezedwa kuti adzangokhala dzinja limodzi, choncho tiranki yawo yachitsulo sanaimasule. Imvi zinamera, tiranki ili chimangire. Sankapempha zambiri pamoyo wawo. Ankangofuna kukaona kwawo maso akadapenya.

Bambo Alufandika ankasesa m'nyumba yosungiramo fodya ku Southerton. Azungu atadzipatsa okha ufulu, mayiko anakana kugula fodya wawo, ndiye mabelo anaunjikana mpaka kudenga, boma n'kumagulitsa mobisa ngati kachasu. Iwo ankadutsa pakati pa chuma chonsecho atakweza mphuno. Ankati umenewo ndi udzu wovala suti. Fodya weniweni, wotafuna, anali kuseri kwa nyumba yawo, pa kamunda ka pakati pa chimbudzi ndi mpanda, kamene ankakatcha esiteti.

Ntchito yake ankaigwira ngati mapemphero. Masamba akakhwima ankawathyola n'kuwapachika pamthunzi. Akafota ankachotsa misana, kuwaza madzi a phulusa, kenaka n'kuwapota ngati chingwe, kuzinga nkhata zakuda, kuzikulunga m'chiguduli n'kuziika kudenga. Nkhatazo zinkafuna kutsitsidwa, kuonetsedwa dzuwa ndi kutembenuzidwa kwa miyezi, mpaka ukali utasanduka kutsekemera. Pamenepo ndiye ankati fodya wapsa, monga umapsera mowa.

Tsoka la mayi Effie linali lakuti nkhata zisanafike pamenepo, nyengo yofesa nazale inali itakwana kale. Nazale sasiyira mnansi. Mbande zikakula zimafuna kuokera, zikaokeredwa zimafuna kupalira, ndipo munthu wanzeru sathawa fodya ali m'munda.

"Nanga wa chaka chatha uja, abambo?"

"Uja anapsa, amayi, koma anathera poyesa. Munthu sapita kwa apongozi ndi fodya wosayesa."

Chaka china a khonsolo anatumiza anthu a zikwakwa kudzatchetcha mbewu zonse za m'lokesheni, poti lamulo linkati tauni si munda. Chimanga cha anansi chinagwa chonse. Atafika pa esiteti, bambo Alufandika anawalandira atavala jekete, n'kuwaonetsa mtengo umodzi umene ankausiya kuti uchite maluwa a mbewu. Anati awa ndi maluwa, enawa sanamasule chabe. Kapitawo anaganiza nthawi yaitali. Anauzidwa za chimanga, nyemba ndi maungu, koma za maluwa palibe anamuuza. Akuti mwezi wotsatira nyumbayo inayamikiridwa pa mpikisano wa mabwalo okongola.

Kenaka nkhondo inakula. Kumpoto zigafa za fodya m'mapulazi a azungu zinayamba kuyaka, ndipo m'lokesheni makoma anamera makutu. Loweruka lina ku holo ya mowa, mnzawo Maliko, wa ku Dedza, anawafunsa mwa chizolowezi kuti ulendo uja uli liti.

"Fodya akangopsa, achimwene, ine ndakwera sitima. Simudzandionanso."

Patebulo loyandikana panali wapolisi wovala wamba amene ankadzitama kuti amamva Chinyanja. Vuto n'lakuti m'Chishona liwu lofanana ndi loti kupsa ndi la moto basi. Kupsa kwa mowa kapena nthochi kuli ndi liwu lake lina. Ndiye chimene chinafika kwa akuluakulu n'chakuti Mnyasa wina wogwira ntchito pakati pa fodya wa dziko lonse walengeza pagulu kuti adzamutentha n'kuthawira kwawo.

Lolemba m'mawa mayi Effie anaona magalimoto a asilikali atatseka msewu wonse. Asilikaliwo anafufuza pansi pa bedi, anakhuthula tiranki ija pabwalo, kenaka wina anakwera kudenga n'kutsika nkhope itatuwa. Anati wapeza zingwe zakuda zozingazinga, zokulungidwa m'chiguduli, zonunkha moopsa. Anthu anathamangitsidwa mpaka ku Machipisa. Katswiri wa mabomba anafika, anayandikira chokwawa, anagwira nkhata imodzi ndi chopanira n'kuiika m'ndowa ya mchenga. Bambo Alufandika, ali m'maunyolo, anangopempha kuti poti aitsitsa kale, aitembenuzeko.

Anthu amaseka nkhaniyi ikafika apa, ndipo mayi Effie nawonso ankaseka, koma mochedwerapo. Boma silikonda kumanga munthu pachabe, choncho likalakwitsa limamusunga kuti lione ngati chifukwa chingapezeke. Wapolisi womasulira uja anaphunzira tanthauzo lachiwiri la liwulo patapita milungu. Bambo Alufandika anabwerako kundende akuyenda mopendekera, mano a mbali imodzi atatsala kumeneko. Analowa m'nyumba molunjika. Anangokwera pampando n'kusuzumira kudenga. Nkhata zotsala zinali zitachita nkhungu.

Mayi Effie anaona ngati khomo latseguka. Analongedzanso tiranki, n'kunena mofatsa kuti palibenso chodikira, ngakhale mano otafunira palibe.

"Ndiye ndikafike kwathu chimanjamanja, ngati wothamangitsidwa?" anatero amuna awo. "Tiyambirenso, amayi. Chaka chimodzi chokha."

Anafesa, anaokera, anakolola. Fodya ankangomuika kutsaya n'kumayamwa ngati mwana. Chaka chotsatira, atangomaliza kupota nkhata yomaliza n'kuikweza kudenga, anakhala pakhonde kuti apume, ndipo sanadzukenso. A bungwe la maliro la anthu akwathu anakawaika ku Warren Hills, pakati pa Anyasa ena ambiri amene nawonso anali paulendo.

Ndipamene boma linawakumbukira mayi Effie. Nyumba za m'lokesheni zinali za amuna apantchito, ndipo mkazi wamasiye wochokera kunja ankayenera kubwezedwa kwawo. Chimene anapempha kwa moyo wonse, ofesi inawapatsa m'mawa umodzi, ulendo waulere. Iwo anamanga duku n'kupita kukadandaula kwa bwana wa lokesheni. Womasulira anali wapolisi yemwe uja.

"Muwauze bwana kuti sindikukana kupita. Koma fodya sanapse."

Wapolisiyo anaweramitsa mutu, ndipo ulendo uno anamasulira molondola, mosamala, mpaka kufotokoza za kutembenuza. Bwana anamvetsa bwinobwino. Anati pepani, nyumba yapatsidwa kale kwa ena.

Tsiku lonyamuka, Maliko akudikira panja ndi tiranki, mayi Effie anatsitsa nkhata zonse, anazionetsa dzuwa, anazitembenuza. Anabenthula kachidutswa n'kuluma, koyamba m'moyo wawo. Kanawawa mpaka misozi. Anazikulunganso n'kuzikankhira pakona ya denga pamene dzanja la mlendo silingafike, poti fodya wosapsa sayenda ulendo. Anakwera sitima yodzera ku Beira malire asanatsekedwe.

Mbiri imene inabwera pambuyo pake inali yochepa. Akuti pamene panali nyumba ya amayi awo anapeza mitengo italiitali, ndipo ana a m'mudzimo ankawatcha agogo a ku Halale. Aliyense wobwera kuno ku Halale, mayi Effie ankamutuma kuti akasuzumire kudenga kuja. Palibe anapita. Nkhondo inali pakati, ndipo munthu sagogoda pakhomo la eni n'kupempha kuona denga.

Mumsewu uja masiku ano mulibe wotsanzika. Madala akwathu akamadutsa pa nyumbayo amachepetsa liwiro, nsagwada zikuyenda zokha m'kamwa mopanda kanthu. Mkazi wa kalaliki amene analowamo anapaka laimu, anafukiza mankhwala, anaitana ngakhale abusa, koma fungo la nkhata zija silinachoke. Tsiku lina anamuimitsa Maliko pampanda n'kudandaula kuti lasintha: kale linkatsamwitsa, koma tsopano kukachita chinyezi m'nyumba monse mumanunkhira ngati uchi wakale. Anafunsa ngati zimenezi n'zoopsa.

Maliko anavula chipewa. Anayang'ana denga, anayang'ana kumpoto, ndipo anasowa woti amuuze kuti fodya wapsa.