Dzino Langa ndi Galu wa ku Oshawa

Inu, khalani pansi, basiyi siifika msanga. Mwauona mpata uwu m'kamwa mwangamu? Dzino lake linandichititsa manyazi pamaso pa galu.

Chimwalirireni mkazi wanga Hilda, ndimakhala ndekha m'nyumba yosanja ku North York, kuno ku Canada. Masana ndimakayenda m'kankhalango ka pafupi, ndipo funso limodzi silinkandichoka: ndikadzagwa muno, adzandifunafuna ndani? Kwathu ku Ntcheu ukangochedwa kudzuka, anthu atatu afika kale pakhomo. Kuno woyamba kukusowa ndi makina ochapira.

Tsiku lina titaweruka kutchalitchi, Chipo, nesi wa ku Chipata amene amathandiza gulu lophunzitsa agalu ofufuza anthu osowa, anati agaluwo amaphunzirira pa mano ndi tsitsi zimene anthu apereka. Mutu wanga unagwira ntchito. Galu akanunkhiza changa andidziwa, ndikadzasowa adzabwera molunjika.

Vuto linali Hilda. Mayi ameneyo sankalola tsitsi langa kutsala kwa ometa. Ankalisesa yekha n'kuliika mu envulopu, azungu akuonerera. "Simudziwa amene adzalitole," ankatero. Ndinapepesa pa chithunzi chake, ndipo dokotala atandizula dzino ndinalipempha, n'kulimanga pampango.

"A Yotamu, pali malamulo ake," Chipo anandichenjeza pafoni. "Muyambe mwasaina fomu."

"Mayi, kwathu mphatso timapereka ndi manja awiri, osati ndi bolopeni."

Loweruka ndinavala jekete la ukwati, ulendo pasitima wa ku Oshawa. Kutchire kumene gululo limaphunzitsira, mphunzitsi wa agalu, mzungu dzina lake Tony, anali atabisa kabotolo ka mano patali kuti galu akapeze. Anamumasula. Galu anathamanga pang'ono, anaima, anatembenuka, n'kubwera kudzakhala pansi patsogolo panga, maso ali pathumba la jekete.

"Mwaona?" ndinatero. "Wandidziwa kale."

Chipo anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Achimwene, muli ndi chiyani m'thumbamo?"

"Mphatso ija."

"Uyu safufuza amoyo. Akakhala pansi chonchi ndiye kuti wapeza mtembo."

Tamverani inu. Munthu ndasamba, ndadzola, ndalipira tikiti, galu n'kundilengeza maliro pagulu. Ndinasuntha, iye anasuntha. Ndinakhosomola kuti amve kuti ndikupuma, sanasinthe maganizo.

Tony anakana ngakhale kulikhudza dzinolo. Anati popanda chilolezo cholembedwa ndi mboni, chinthu cha m'thupi la munthu sangachilandire, chifukwa akadzafunsidwa kuti n'cha yani adzasowa poyambira. Apo ndinaona kuti iye ndi Hilda akanamvana.

Anandipatsa fomu. Pamzere wa munthu woti amuimbire zikavuta, dzanja linalemba lokha: Hilda. Ndinangoliyang'ana dzinalo. Chipo anatenga bolopeni. Sanafute, anangolemba lake m'munsi.

"Ndiye nkhawa yake inali imeneyi? Bwanji osangonena, m'malo mozulitsa mano?"

Dzino analilandira patapita milungu iwiri. Linapeza ntchito m'Canada muno msanga kuposa mwini wake.

Tsopano m'mawa uliwonse foni imalira ndisanamwe tiyi. Ndi Chipo.

"A Yotamu, timumasule galu uja?"

"Ayi mayi, muuzeni agone. Maliro adzuka bwino."