Utcheyamani wa Komiti ya Madzi Osefukira

Lolemba

Maphunziro ayamba lero m'holo ya tchalitchi, kwathu kuno kuseri kwa Nsaru. Tasankhidwa m'midzi kuti tiphunzire zochita madzi akasefukira. Aphunzitsi ndi mayi Mbewe ochokera ku boma. Afika panjinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, koma osadandaula ngakhale pang'ono.

Nkhani yaikulu ndi iyi: Lamulungu tisankha tcheyamani wa komiti, ndipo iyeyo ndiye azisunga chimkuzamawu. Chofiira, cha lamba wokoleka paphewa! Ndachigwirako aphunzitsi atatuluka. Chikundikhala.

Zondiyenereza:
1. Mawu. Besi ya kwaya yonse ndine.
2. Jekete.
3. Fomu 2.

Wopikisana naye sindikumuona. Pakona pali aNankhoma, ogulitsa tomato pamsika, akuswa mtedza pachitenje.

Lachiwiri

Lero tikujambula mapu a midzi yathu. Ndathamangira choko. Pabolodi ndaikapo msewu, tchalitchi, chigayo, chigafa changa cha fodya. Zokongola!

Mayi Mbewe: "Nanga mtsinje uli pati, bambo?"

Ndaiwala mtsinje.

Afunsa za anthu amene sangathe kuthawa okha. Ine ndatchula awiri. ANankhoma akutumula makoko, aimirira, n'kuyamba kutchula nyumba ndi nyumba kuchokera kudambo: a Chisale osaona, mwana wa ndodo wa kuseri kwa mjigo, nkhalamba zogona zokha, ndi Esinati wa kutsidya amene ali ndi pakati potopa. Akudziwa ngakhale chitseko chimene chimavuta kutsegula mvula ikagwa! Opanda pepala. Akuti onsewo amagula tomato.

Ndawaombera m'manja ndi mtima wonse. Kenaka ndakumbukira za chisankho, ndasiya.

Lachitatu

Chithandizo choyamba kwa ovulala. Mayi Mbewe athira madzi a chidede pamwendo pa mnzathu wina kuti aoneke ngati magazi. Ndikudziwa kuti ndi chidede. Ndaona ndi maso anga akuchifinya.

Ndatsitsimuka ndili chogona cham'mbali, tayi atamasula, miyendo ili pabenchi, aNankhoma akundikupiza ndi chivundikiro cha ndowa. Mayi Mbewe akuuza kalasi kuti umu ndi mmene timagonekera munthu wokomoka, aliyense abwere aone bwino. Abweradi onse.

Mayi akunyumba amva kale ndisanafike. "Kodi akuti munagwa ndi jekete yomwe, eti?"

Lachinayi

Machira: nsungwi ziwiri, matumba awiri a fetereza obowola kunsi. Basi! Nzeru zake mayi Mbewe amenewa, ine ndazizwa. Atiphunzitsanso mfundo ya chingwe yosapululuka, ndi lamulo loti madzi othamanga akafika m'mawondo, osawoloka, ngakhale ukhale wamtali chotani.

Mfundo yanga yapululuka katatu. Kachinayi yagwira, koma yagwira ndi chala changa chomwe. Ya aNankhoma amuna anayi akoka mpaka thukuta, ili nji. Akuti amamangira madengu panjinga chomwecho.

Zotsala pa mndandanda wanga: mawu. Jekete ili pachingwe, ikununkha chidede.

Lachisanu

Tsiku langa! Tikuyeserera kuchenjeza mudzi, aliyense akupatsidwa chimkuzamawu chija mosinthana. Ndaima pachulu, ndatsokomola, ndayamba bwinobwino: ulemu kwa mafumu, kwa akuluakulu a mpingo, kwa alendo athu ochokera ku boma, amayi ndi abambo...

Mayi Mbewe: "Bambo, madzi afika m'khosi. Mafumu anuwo apita kale."

ANankhoma achitembenuza chimkuzamawu uku ndi uku, osapeza pokanikiza, achiika pansi. Atola mwala, amenya khasu lakutha limene lili pamtengo. "Madzi! Thawirani kusukulu! Ana patsogolo!" Anthu a kuchigayo, amene sakudziwa kuti n'zoyeserera, athawadi, ufa uli kumutu.

Loweruka

Mvula yagwa kuyambira m'bandakucha. Maphunziro kulibe, mayi Mbewe atsekeredwa ku Nsaru. Chakumasana kwamveka khasu lija. Lero si zoyeserera.

Ndathamangira kumtsinje, kudzera pamlatho wa kumtunda chifukwa powolokera pathu pamira. Kutsidya kuli ngolo, m'ngolomo muli Esinati, matenda ayamba. Mwamuna wake akukwapula ng'ombe kuti zilowe m'madzi, poti njira yachidule yopita kuchipatala ku Kabudula ndi yomweyo. Madzi ofiira, akukokolola mapesi ndi mitengo ya nthochi. ANankhoma aima kutsogolo kwa ng'ombe, agwira goli ndi manja awiri.

"Muyambe mwaponda ine, achimwene."

Munthu wake wamfupi ngati mtondo, koma ng'ombe zaima.

Njira ya kumlatho ndi yamatope, ngolo singadutse. Nsungwi ziwiri, matumba awiri. ANankhoma aloza amuna anayi, wachinayi ndine. Ndagwira kumiyendo. Esinati akubuula, mvula ikulowa m'maso, nsapato yanga imodzi yatsalira m'thope, sindinacheuke. ANankhoma ali pambali, dzanja lina agwira Esinati, lina foni, akuitana galimoto kuti itipeze pamsewu. Kwa ine angonena kamodzi: "Musayang'ane chitenjecho, bambo. Yang'anani kumwamba."

Ndayang'ana kumwamba mpaka pamsewu. Sindinakomoke!

Lamulungu

Mapewa sakutukuka. Popita kutchalitchi ndabwereka nsapato za alamu anga, zikundiluma.

Chisankho chachitika Misa itatha, pansi pa mtengo wa mango. Dzina langa palibe walitchula, ngakhale mayi akunyumba. Atatchula aNankhoma ndakweza dzanja, ndi ululu womwe, ndipo ndikanatha ndikanakweza onse awiri. Iwo angoti zikomo, n'kufunsa amene akakonze chitseko chovuta chija cha a Chisale mawa. Ndapezeka ndavomera.

Esinati wachira, mwana wamkazi, onse ali bwino. Akatekisiti alengeza m'tchalitchi, anthu nthungululu mpaka malata kulira. Akuti tithokoze Mulungu chifukwa cha aNankhoma ndi anthu ena amene anathandizapo.

Anthu enawo ndine.