Nkhondo ya Bisiketi Yachiwiri

Tcherani khutu, inu a dziko la Friesland lopanda phiri, kumene ng'ombe zimadya msipu zikuonerera maboti! M'chaka chimene mphepo inazula mtengo wa mapeyala kuseri kwa tchalitchi, misozi ya maliro a mwamuna wanga Douwe itangouma kumene, kunabuka nkhondo imene zidzukulu zanu zidzaikamba. Ndiikamba ndine Froukje, mwini chitini cha mabisiketi, chifukwa enawo amanama.

Douwe anandisiyira galimoto ya nyumba, Njovu Yoyera, yokhala ndi bedi, mbaula ndi kachimbudzi m'mimba mwake. Kuyendetsa ine sinditha. Mwana wanga Jelle, wobadwa ndi mtima wa wamalonda, anandiuza maso ali gwa kuti Njovuyo ikatha chilimwe china osayenda, aigulitsa. Ndiye ndinameza malovu n'kukapempha mlamu wanga Wiebe, mng'ono wa malemu: Wiebe Chimimba, Mkango wa pa Chiwongolero, Wobwerera M'mbuyo Osacheuka, yekhayo pamtundu wonse wodziwa kukhotetsa chinyamacho.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Tinagonjetsa tauni ya Workum, tinalowa ya Hindeloopen wapansi kukaona timilatho tamatabwa ndi nyumba zoviika mapazi m'ngalande, ndipo adani panalibe kupatula abakha. Tili pafupi ndi Sloten, nthawi ya khofi inakwana. Ndinatsegula chitini monga mwa lamulo la amayi athu, loti kapu imodzi ya khofi, bisiketi imodzi, chivindikiro phaa! Koma nditatembenuka kuti ndizimitse mbaula, ndinamva kumbuyo kwanga kuti khuruu.

"Alamu, n'chiyani chili m'kamwamo?"

"Mano, alamu."

"Mano amalira choncho?"

"Akakalamba amatero."

Ndinayang'ana m'chitini. Pamene panali bisiketi panali dzenje: yake atadya kale, anali atatenganso yachiwiri. Apo ndinaimirira, mutu n'kugunda denga, ndipo ndinalankhula mawu amene anathawitsa atsekwe m'dambo lonselo:

"Tamverani, inu Nkhokwe Yosakhuta! Zaka makumi anayi mkulu wanu anadya bisiketi imodzi, osang'ung'udza, mpaka analowa m'manda!"

"N'chifukwa chake bokosi lake tinanyamula anthu awiri okha," anatero Wiebe, akukutumula zinyenyeswa pamimba.

Analiza injini, ine n'kumapitiriza kumuuza mbiri yake kuyambira paubwana. Tinafika pa mlatho wonyamuka, uja amaukweza kuti maboti adutse. Pakati penipeni pa mlathowo, Mkango unaponda buleki, unazula kiyi, n'kutsika.

"Iyendetseni ndi chitini chanucho!" anakuwa. "Ine ndikukakwera basi."

Ndinakhoma zitseko zonse, n'kukhala pabedi chitini chili pamiyendo. Mtima unati phwii, sindibisa, chifukwa basi ikanangomutenga, ndiye kuti Jelle wapambana, ndipo pampando wa Douwe pakakhala mlendo wonunkha fodya. Koma kutsegula chitseko? Ine? Chifukwa cha wakuba?

Motero linga linazingidwa. Kumanzere kunasonkhana maboti a matanga, akuliza malipenga awo ngati tsiku la chiweruzo. Kumanja kunali maboti obwereka odzaza Ajeremani ofiira ndi dzuwa. Kutsogolo ndi kumbuyo kunaima khamu la apanjinga, mabelu ali ngiringiri. Wiebe anakhala pa chitsulo cha mlatho atapinda manja, osapita ku basiko, osabweranso.

Pomwepo anatulukira Sietske, Mfumukazi ya Mlatho, Wokweza Msewu ndi Chala Chimodzi, ali ndi ndodo yake yaitali ya chingwe, ija amatsitsira nsapato yathabwa kuti eni maboti aponyemo ndalama ya mlatho. Anagogoda pazenera.

"Mayi, mlatho wangawu si bedi. Kwagwanji?"

"Watenga yachiwiri."

Sietske anagwira pachifuwa. "Pa kapu imodzi?"

"Imodzi yomweyo!"

Anatembenukira kwa Wiebe. "Bambo inu, munaleredwa ndi ndani?"

"Ndayendetsa chigalimotochi chiyambire m'mawa!" anatero Wiebe. "Kodi hatchi yolima amaiwerengera udzu?"

"Hatchi siitsegula chitini," anayankha nkhalamba ina ya panjinga, ndipo khamu linagawanika pawiri, ena kwa ine, ena kwa mimba.

Sietske anakweza ndodo yake n'kugamula mlandu. "Bisiketi yadyedwa, siibwerera. Koma lamulo limati bisiketi iliyonse ikhale ndi kapu yake. Iyi ndi yamasiye. Mayi, thirani kapu yachiwiri. Bambo, muimwa yopanda kanthu, anthu akuona. Mukatero chitini sichinaberedwe, munangofulumira."

Ndinalingalira, n'kuona kuti mkaziyo ali ndi mutu. "Ndithira," ndinatero, "koma chitseko sinditsegula kufikira atameza."

Ndiye Mfumukazi inakwera pa makwerero a kumbuyo kwa Njovu, n'kutsitsa nsapato yathabwa pa kazenera ka padenga. Ndinaikamo kapu. Inauluka pamwamba pa mitu ya anthu ikudontheza, inanyowetsa chipewa cha nkhalamba ija, n'kukatera m'manja mwa Wiebe itatsala theka, yozizira.

Anamwa ataimirira. "Ilibe shuga, alamu."

"Shuga munadyera m'bisiketi."

Malipenga a maboti analira onse pamodzi, apanjinga anaomba mabelu, Mjeremani wina anaimba nyimbo osadziwa n'komwe kuti wapambana ndani. Ndinatsegula chitseko, Njovu inatsika pamlatho mwaulemu wake, msewu unanyamuka kuloza kumwamba, maboti n'kudutsa pamzere ngati operekeza mkwatibwi.

Tikulowa mu Sloten, Wiebe anatsokomola. "Loweruka likubwerali tipite ku Dokkum. Mumuuze Jelle akagulitse njinga yake."

Mtima wanga unakhala pansi, koma sindinamuonetse.

"Ndiye kuti, alamu," anapitiriza, "kapu iliyonse ili ndi bisiketi yake?"

Chiyambire tsiku limenelo, Mkango wa pa Chiwongolero umamwa khofi ngati ngalande, kapu pamwamba pa kapu, ndipo lamulo silindilola kuukaniza bisiketi. Koma Njovu ili ndi kachimbudzi kake, kathanki kake n'kakang'ono, ndipo wokataya madzulo si ine.