Nyimbo za aNgozo zinatuluka mumtondo mwanga

Amene akuti ndikunama abwere adzakhale pamkeka pano, andiyang'ane m'maso. Iwe Esinati mdzukulu wanga, lemba monga ndikunenera, usakometse ayi. Ine Nankhoma wa ku Biriwiri kusukulu sindinapondeko, koma nyimbo zonse zimene amuna anga aNgozo amaimba ndi banjo yawo, zimene mumavina m'maukwati kuyambira ku Nsipe mpaka ku Sharpevale, zinatuluka mumtondo mwanga. Iwo akuuza anthu a wailesi kuti anazimva pansi pa mgodi ku Joni, ati mwala umalankhula. Mwala wake uti? Ku Joni anabwerako ndi chipewa, chifuwa, ndi banjo ya chigubu cha mafuta imene inkalira ngati mbuzi yomangidwa padzuwa.

Kale mkazi sunkayankha mwamuna pamaso, inu amayi mwakhala apa mukudziwa. Zikakukwana unkatapa chimanga n'kukaziimba pamtondo, mudzi wonse umve, mwiniwake amvere kuseri. Ndiye ine ndinali ndi musi wa muwanga, amuna anayi ankachita kuitanizana kuti audzutse, ine dzanja limodzi, linalo litagwira mwana kubere, ndipo ndikati gu! mtondo unkamira pansi, kugunda kwake kumayenda kunsi kwa nthaka mpaka kukagwetsa fumbi mumgodi mwawomo, moti ngati aNgozo anamvadi china chake kumeneko, ndinali ine ndikuwafunsa kuti abwera liti. Mukumva?

Atabwera, chaka china anagona pansi pa mtengo wa mapichesi nyengo yonse yopalira, chipewa kumaso, ati msana. Ine ndinapsa mtima, ndinatenga musi uja n'kuyamba:

"Chipewa cha ku Joni sichigwira khasu,
chimangodziwa mthunzi."

Kumenya koyamba, mbatata za kachewere zinatumphuka zokha m'mizere, zathu ndi za tsidya la Mozambiki zomwe, n'kugubuduzika phiri lonse mpaka kukadzisanja m'mabeseni m'mbali mwa msewu, zazikulu pamwamba zazing'ono pansi monga mumachitira inu pogulitsa, kumenya kwachiwiri basi yopita ku Blantyre inaima dalaivala akuyesa matayala onse aphulika, anthu kutsika n'kuyamba kuvina osadziwa kuti ng'oma ili kuti, gaga kuuluka mpaka ku Sharpevale moti nkhumba za kumeneko zinanenepa chaka chimenecho popanda wozipatsa chakudya, kumenya kwachitatu musi unandipulumuka, unakwera kumwamba Lachiwiri n'kutsika Lachinayi uli chinyowere, utaboola mtambo, mvula inagwa pamunda pathu pokha. Mukuseka chiyani aNaphiri? Simunadzafune moto kwathu tsiku lomwelo inu, nsalu ili yonyowa?

Nthawi yonseyo bambo aja anali kuseri kwa nkhokwe ndi chigubu chawo, kutolera mawu anga limodzilimodzi ngati nkhuku pa mphale. Pofika tsiku la msika ndinamva nyimbo yanga ikulira ku Nsipe, anthu akuseka kugwira nthiti, woimbayo chipewa chomwecho chili kumutu. Nditawafunsa ngati alibe manyazi kudziimba okha, anangoti, "Nankhoma, a zipewa tilipo ambiri."

Kuyambira pamenepo zinali choncho. Akachedwa kumowa, nyimbo. Akagulitsa tambala wanga osandiuza, nyimbo. Ija mumaikonda ya mwamuna amene anafolera nyumba mbali imodzi n'kukapuma zaka ziwiri, denga lake ndi ili mukuliona.

Kenaka kunabwera chigayo, tonse tinasiya kusinja, mtondo wanga unasanduka moikira nkhuku. Funsani aliyense ngati aNgozo anapekanso nyimbo chibwerere chigayo. Amangobwereza zakale zomwezo, kusintha mayina.

Tsono vuto ndi ili, Esinati. Loweruka ndi ukwati wako, ndipo agogo ako aamuna analonjeza pamaso pa ankhoswe a mbali zonse kuti adzaimba nyimbo yatsopano. Alibe. Banjo akungoipukuta. Kupempha sangapemphe, ndi mwamuna wa Chingoni, koma Lolemba ndinadzuka n'kupeza mtondo auchotsa kwa nkhuku, autsuka, auimika pakhomo, pambali lichero la chimanga, eniake akukhosomola kuseri kwa nkhokwe.

Ndinathira chimanga. Musi wanga wa muwanga uja anaupempha a tchalitchi, ndi umene wagwira denga lawo lonse lija, ndiye ndinabwereka wamba. Ndinafufuza mumtima choti ndiwaimbire, ndinafufuza ndithu. Mowa anasiya. Nkhuni amatola okha, madzi osamba amanditenthetsera, maondo akatupa amandithowa ndi manja awo. Ndinakonola lichero lonse pakamwa pali chete, ndipo apa lemba tizilembo ting'onoting'ono: ndinapumira kanayi.

Ndinawatumira mawu kudzera kwa aNaphiri kuti ngati akufuna nyimbo, ayambe andilakwira. Dzulo anayesadi. Anatsegula dala khola, mbuzi zinalunjika kudimba kwanga kwa kabichi, ine ndinakonza kale kukhosi. Koma mbuzi yoyamba isanalume ndi tsamba limodzi lomwe, ndinaona mkulu uja akuthamanga chotsimphina, ndodo m'mwamba, akuzipirikitsa, kenaka n'kubwera kudzapepesa.

Kwatsala masiku atatu. Munthu wotere ungamuimbe chiyani?