Petulo Amene Ndinatcheza Kutsinde kwa Michesi

Amene akuti ndikunama atsike panjinga yakeyo adzandiuze pamaso, osati kumasekera m'chipewa ngati iwe wa jekete yofiirawe. Mwauma pamzere wa mafuta uno ndi zigubu zanu, ndiye mwamva pa wailesi kuti ku Joni amafinya petulo m'malasha, basi kukamwa yasa. Zimandinyansa. Ntchito imeneyo ndinaigwira kale ine Namakhwa, ndi manja awa, konkuno ku Phalombe.

Chinali chaka china mafuta atasowa ngati panomu. Mwana wanga Esinati anali woyembekezera, matenda anamuyamba m'mawa, azimayi n'kutuluka m'nyumba kudzandiuza kuti mwana wakhala mopingasa, popanda chipatala titaya onse awiri. Mkamwini wanga anali ndi njinga yamoto, koma m'thanki munali mouma moti mphemvu zinaikiramo mazira, iye wangoima poteropo manja m'khosi. Ndinapsa mtima, ndinatola khasu, ndinayamba kukumba kutsinde kwa phiri la Michesi, kukumba, kukumba, kudutsa dothi, kuboola thanthwe, mpaka ndinamva anthu pamwamba panga akunenerera malonda m'Chipwitikizi, ndinadziwa kuti ndalowa Mozambique, ndinabwerera pang'ono, ndipo pamenepo ndinapeza malasha akuda bii, onona kuchita kudontha. Mukumva? Nditasenza mtolo umodzi phiri linatitimira, ndiye chifukwa chake mpaka lero Michesi ndi wamfupi poyerekeza ndi Mulanje.

Akuti pamafunika fakitale yaikulu ndi akatswiri ochokera kunja. Bodza lenileni. Ine ndinabwereka mgolo ndi mpope kwa mayi wina wotcheza kachasu, ndinasinja malashawo mumtondo, ndinathira madeya ndi madzi, kumata chivundikiro ndi dothi, kusonkhezera moto, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo petulo anayamba kudontha m'botolo, woyera mbee, waukali moti nkhuku imene inangonunkhiza inauluka mpaka ku Chilwa osatera.

Chinandipweteka ndi mwambo wathu. Kwathu kuno chotuluka mumpope sichiperekedwa mwini wake asanalawe pamaso pa anthu, kuti aone kuti mulibe chiphe. Ndinalawa kapu imodzi. Amuna a m'mudzi anali atandizungulira kale, poti utsi wa mgolo amaudziwa ali kutali, ndipo mkulu wina anati, "A Namakhwa, mwalawa nokha, ife tabwerera umboni?" Ndinawauza kuti awa ndi mafuta a njinga, mwana wanga akufa m'nyumbamo. Anati nawonso angonyowetsa lilime. Botolo linazungulira, linabwerera kwa ine lopanda ndi dontho lomwe, ndipo azibambo anu omwewo, inde anu, anayamba kulira m'mimba ngati mathirakitala, utsi ukutuluka m'makutu, wina n'kuyenda chafutambuyo mpaka kukagwera m'chitsime. Chuma chodyetsa dziko lonse anachimwa masana amodzi. Ndikakumbukira, mtima umandiwawa mpaka pano, ndipo ndikakuonani muli pamzere sindikumverani chisoni.

Njinga inatsala youma, mwana akubuula, mafuta onse otsala ali m'mimba mwanga. Ndinabereka Esinati kumbuyo, ndinauza mkamwini kuti andiponde chala chachikulu chakuphazi ngati akuliza njinga yamoto, anaponda kamodzi osalira, kachiwiri ndinalira, ndinanyamuka, fumbi langa linakagwa ku Jenala anthu n'kuyamba kuanula ufa, ndinapitirira maminibasi, ndinalumpha mtsinje osafuna mlatho, apolisi apamsewu anakweza dzanja kufuna laisensi mphepo yanga n'kuwavula zipewa, ndipo ndinafika pachipatala chithunzithunzi changa chikadali kunyumba chikufunafuna nsapato. Mukumva? Esinati anachira bwinobwino, mwana wamkazi, ndipo onse awiri ali moyo.

Mkazi wanga amauza anthu kutchalitchi kuti Esinati anapita kuchipatala panjinga yakapalasa ya aneba, ati ine anandipeza madzulo ndili gada pafupi ndi mgolo ndikuliza mkonono. Mayi ameneyo za makina sadziwa chilichonse. Sunali mkonono umenewo. Injini ikathamanga ulendo wotero imafuna kuzizira, ndiye mumafuna ndikazizirire pakhomo pa yani?